Ludzu la Ottilie

Lachiwiri m'mawa, alendo asanafike, Corinne Trezise analumpha chingwe chotchinga pakhomo la kachipinda ka m'mwamba, chinthu chimene anali asanachitepo pa zaka zinayi zimene anagwira ntchito mu Holo ya Pascoe. Katambula ka wisiki kanali pamalo pake, pathabwa loyang'ana ku siteji. Munalibe ngakhale dontho. Aka kanali kachitatu m'masiku asanu ndi atatu.

Anakanyamula nakanunkhiza. Fungo la mowa silinamveke n'pang'ono pomwe. Munthu wakumwa mobisa ndiye amakumbukira kutsuka tambula.

M'tauni ya Tarbell munalibe mwana wosadziwa nkhani ya katambulako. M'chaka cha 1883, migodi ya siliva ikadali ndi mphamvu, holoyo sinkatseka usana ndi usiku. Mtsikana wina woimba, Ottilie Brandt, anakwera m'kachipindako kuti apumule. Pansi amuna awiri anakangana pa njuga. Wina anasolola mfuti, naphonya mnzakeyo, chipolopolo n'kukwera m'mwamba. Akuti Ottilie anapempha chinthu chimodzi chokha, wisiki wonyowetsa kukhosi, koma amene anathamangira botolo anabwera mochedwa. Chiyambire pamenepo woyang'anira holo amathira katambula Lolemba lililonse, ndipo samalola kuti kaume. Akale ankati kakauma, piyano imalira yokha ndipo zingwe za makatani zimamasuka pamutu pa anthu.

Mpweya wa m'chipululu umamwa chilichonse, choncho wisikiyo ankatsika pang'onopang'ono sabata yonse. Corinne, potsogolera alendo, ankaima pachingwe n'kuwauza kuti Ottilie amamwa mwaulemu. Iwo ankaseka najambula. Koma tsopano katambula kankatha usiku umodzi.

Woyang'anira holo anali bambo ake, a Merle Trezise. Ndiwo ankasunga makiyi, ndiwo ankatseka madzulo, ndiwonso ankathira. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anatuluka m'chipatala ku Tucson maso ali achikasu, dokotala atawauza kuti chiwindi chawo sichidzawakhululukiranso. Tsiku lomwelo, pamalo oimika magalimoto, Wendell, mchimwene wake wa Corinne, ankafuna kukawasiya ku nyumba yosungirako okalamba. Corinne anakana, nati awatenga iye.

"Chabwino," anatero Wendell. "Koma akadzangolawa, ngakhale konyowetsa lilime, udzandiuze, ndidzabwera kudzawatenga. Lumbira."

Corinne analumbira. Kuyambira pamenepo Wendell ankaimba foni Lamlungu lililonse masana, funso lake lili lomwelo.

Ali chiimire ndi katambula m'manja, anamva chitseko chachikulu chikutseguka pansi. Anakabwezera pamalo pake msangamsanga natsika. Anali mayi Socorro Quijada, wapampando wa komiti yosamalira holoyo, atanyamula khofi wawo.

"Wamwanso?" anafunsa mayiwo, maso akuwala.

"Mulibe kanthu," anayankha Corinne.

"Ndimadziwa ine. A Merle, mtsikana wanu uja ludzu lamukwera. Mwamulakwira chiyani?"

A Merle anali pamakwerero kumbali kwa siteji, akumanga chingwe cha katani. Zala zawo zinali zikadali ndi mabala, poti masabata awiri apitawo anathera tsiku lonse pansi pa siteji kukonza mpopi umene unkadontha chiyambire Corinne ali mwana.

"Ndingamulakwire chiyani munthu wamkulu kuposa agogo anga?" anatero osatembenuka. "Mwina anamva amuna anu akuimba Loweruka lija. Aliyense akhoza kuyamba kumwa."

"Amuna anga asiyeni. Inu mano anatha kalekale, koma pakamwa ndiye pakadali lumo." Mayi Quijada anaseka nakhala pampando wa kutsogolo. "Ndawaimbira a nyuzipepala. Loweruka kukubwera mabasi awiri. Zaka zonsezi takhala tikupempha anthu kuti adzaone bowo la chipolopolo ndi makatani odyedwa ndi njenjete, lero mwini wake wadzuka yekha kutithandiza. Muzithira, a Merle. Akamaliza, muzithiranso."

"Ndikuthira," anatero a Merle.

Anapisa m'thumba, natulutsa switi yonunkhira, naiponya m'kamwa. Corinne anayang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi inali isanakwane teni koloko, ndipo imeneyo inali yachitatu.

Corinne sanali munthu wofunsa. Kusukulu ankakhala kumbuyo, ndipo ngakhale ntchito yotsogolera alendoyi ankaitha chifukwa mawu ake anali oloweza, osati ake. Chimene ankadziwa n'kuyang'ana. Sabata imeneyo anayang'ana bambo ake monga ankachitira ali ndi zaka khumi. Anaona mmene ankatsikira masitepe, ngati akugwira khoma kapena ayi. Anaona dzanja lawo ponyamula kapu. M'mawa powapatsa moni ankawayandikira kwambiri, ngati akuwakonza kolala. Ankangomva switi ndi sopo.

Lachinayi pa nkhomaliro anakhala pa masitepe a kuseri kwa holo, akudya zitumbuwa za nyama ndi mbatatesi zimene a Merle ankaphika monga ankaphikira amayi awo. Kutsogolo kwawo kunali mulu wa miyala ya mgodi wakale, ndipo kumwamba kunalibe kamtambo. Mvula inali isanagwe miyezi isanu ndi iwiri.

"Ababa, inu mukuganiza kuti akumwa ndani?"

A Merle anatafuna nthawi yaitali. "Akuti Ottilie."

"Ndikufunsa inuyo."

"Ine ndimathira basi. Zoti amwa ndani si ntchito yanga." Anamuyang'ana cham'mbali, kuyang'ana kumene Corinne sanakumvetse. "Nanga iwe ukuganiza kuti ndani?"

"Kaya."

"Ee. Kaya." Anasasa nyenyeswa pa buluku lawo nadzuka, chitumbuwa chosatha n'kuchikulunga m'pepala. A Merle sankasiya chakudya.

Usiku umenewo Corinne sanagone bwino. Wendell akadzafunsa Lamlungu, Corinne anganene kuti zonse zili bwino, monga ankanenera nthawi zonse. Koma zikakhala kuti si zoona, bodza lakelo likhoza kuwapha bambo ake. Akanena kuti akukayikira, Wendell sangadikire umboni. Angafike Lolemba ndi galimoto ndi makatoni, ndipo a Merle, amene anabadwira nyumba yachitatu kuchokera pa holoyo, akafera m'chipinda choyang'ana msewu wa Tucson. Anafunika kudziwa Lamlungu lisanafike.

Nzeru anaipeza pa ntchito pomwepo. Loweruka lililonse gulu la zisudzo la m'tauniyo linkasewera imfa ya Ottilie, ndipo amuna a njuga aja ankagugudiza wisiki pa siteji. Aliyense wa zisudzo amadziwa kuti wisiki wa pa siteji ndi tiyi wozizira. Mtundu wake ndi womwewo. Corinne anaganiza zoti athire tiyi m'botolo la Ottilie. Mzukwa sungadandaule. Koma munthu amene akukwera masitepe kufuna mowa, akangolawa tiyi, m'mawa nkhope yake idzaonetsa.

Lachisanu masana, a Merle atapita ku sitolo kukagula misomali, Corinne anatenga fulasiki ya tiyi nakwera. Botolo la Ottilie linkakhala m'kakabati ka pakhoma kuseri kwa kachipindako. Komiti inkagula limodzi chaka chilichonse, pa tsiku la imfa ya mtsikanayo, n'kulipereka kwa woyang'anira pamaso pa anthu. Analitulutsa. Linali pakati. Pepala lake linali lakale, losupuka m'mbali. Anatsegula kuti akhuthulire wisikiyo m'chitini chimene anabwera nacho, koma asanapendeketse anaima. Analiyandikiza pamphuno. Kenaka anadonthezera pachala nalawa.

Anali tiyi. Tiyi wakuda, wozizira, wa shuga pang'ono, monga ankamwera bambo ake.

Anakhala pansi pomwepo, botolo lili pamiyendo. Anakumbukira amayi ake, amene tsopano anali kumanda, ataima kukhitchini ndi botolo limene anasungira Khirisimasi. Analawa, nayang'ana amuna awo. Limenelo nalonso linali tiyi. Imeneyo inali njira ya a Merle kalelo: kumwa zenizeni n'kudzazamo tiyi kuti mzere usatsike.

Ndiye kuti sikanali katambula kokha. Linali botolo lonse.

Anafuna kulira koma misozi sinabwere. Chinthu chimodzi chinkamuvutabe. Ngati m'katambula munali tiyi, munthu angakwererenji masitepe makumi awiri kudzamwa tiyi wogona? Anabwezera botolo m'kabati. Anatsika kuchipinda chovalira cha a zisudzo, natenga chitini cha paudala wodzola kumaso. Madzulo anadikira kuti a Merle athire katambula ndi kutsika. Ananama kuti waiwala juzi m'mwamba, nakwera, nawaza paudala pansi ponse kuseri kwa chingwe ndi pathabwa pozungulira katambula. Nsapato za bambo ake ankazidziwa. Chidendene chakumanzere chinali ndi msomali wotuluka.

Loweruka anafika pa holo dzuwa litangotuluka, ndi kiyi wa mayi Quijada amene anabwereka ponena kuti akufuna kusesa mabasi asanabwere. Anakwera mwakachetechete, ngakhale m'holomo munalibe munthu. Mipando yonse inali phee, ndipo bowo la chipolopolo padenga linkalowetsa kamzere ka dzuwa.

Katambula kanali kouma. Pansi panalibe chidindo cha nsapato, ngakhale chimodzi. Koma pathabwa, kuchokera ku katani kufika pa katambula ndi kubwerera, panali timapazi ting'onoting'ono ta zala zisanu, ndi mzere wofewa pamene mchira unakwekwereza paudala.

"Paudalayo ndi wa mayi Quijada. Akadziwa akumeza wamoyo."

Corinne anadzidzimuka. A Merle anali ataima pamwamba pa masitepe, akupuma mwamphamvu, makiyi ali m'manja. Anafika pachingwe, nawerama, nayang'anitsitsa timapazito. Kenaka anaseka kaseko kakafupi.

"Kamphaka ka m'migodi," anatero. "Kaja ka mchira wa mizeremizere. Agogo ako ankakasunga m'kanyumba kawo kuti kazigwira mbewa. Aka kankamwa pa mpopi wodontha uja ndatseka. Ndakalanda chitsime chake." Anapukusa mutu. "Ine n'kumaganiza kuti ndiwe."

"Ine?"

"Iwe ndi mayi Quijada. Ndimati mwapangana kuti muzitaya usiku, mabasi abwere. Ndimati mwana wanga wayamba kunamiza anthu. Ndimasowa poyambira kukufunsa."

Corinne anayang'ana timapazi tija. Anadziwa kuti akapanda kunena za botolo tsopano sadzanenanso.

"Kanyama sikangamwe wisiki, ababa."

"Sikangamwe."

"Ndinalawa za m'botolo."

A Merle anaweramuka. Anatulutsa switi m'thumba, naiyang'ana, naibwezeramo.

"Paudalayu sunawazire kamphaka," anatero.

"Ayi."

"Unawazira nsapato zanga."

Corinne anatsitsa maso pa nsapato zawozo.

"Ndimadziwa. M'mawa uliwonse umandikonza kolala. Malaya ena alibe n'kolala yomwe." Anatembenuka nagwira khoma. "Tiye."

Anatsika masitepe, nadutsa kuseri kwa siteji, natsegula kachitseko kolowera pansi. Kumeneko kunali kozizira, kukununkha fumbi ndi matabwa akale. A Merle anayatsa getsi. Anadutsa matebulo a njuga othyoka miyendo ndi mpopi umene anakonza uja, nafika pa bokosi lachitsulo limene ankasungiramo zida zawo. Pansi pa nsanza munagona mabotolo asanu ndi limodzi, odzaza.

"Lolemba loyamba nditabwerera pa ntchito," anatero a Merle, "ndinakwera ndi botolo latsopano. Ndinagwira chitsekerero chonchi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti ndikangomva fungo, ndatha. Ndiye ndinatola botolo lakale lopanda kanthu, n'kuthiramo tiyi wa m'fulasiki yanga. Ndinamuuza Ottilie kuti pepani mayi, tonse tasiya."

"Bwanji simunanene?"

"Ndiuze ndani? Komiti? Kuti woyang'anira wanu akuopa botolo? Akanandilanda makiyi mwaulemu, ndi keke ndi zokamba. Ndikuuze iwe? Iwe unalumbira kwa Wendell. Ndinakumvani pa galimoto paja, mumayesa ndagona."

"Nanga mukuwasungiranji? Mukanawataya."

"Potaya umayamba watsegula." Anakanda chibwano. "Ndipo si anga, ndi a Ottilie. Nthawi zina ndimatsika kudzawaona. Ndimawerenga. Limodzi, chaka chimodzi."

Corinne anagwada pafupi ndi bokosi. Sanafune kuchita chimene anali pafupi kuchita, koma manja ake anayamba okha. Ananyamula botolo loyamba, naliyandikiza pa getsi, nayendetsa chikhadabo pa kapepala komata chitsekerero. Kanali kosang'ambika. Anatenga lachiwiri. Bambo ake anaima pambali, akuyang'ana kukhoma. Anatenga lachitatu, lachinayi, lachisanu. Pa lachisanu ndi chimodzi anachedwa, poti kapepala kake kanali kotukuka pang'ono pakona. Analipendeketsa uku ndi uku. Chitsekerero chinali chosathyoka.

"Limenelo ndi la chaka chatha," anatero a Merle, akuyang'anabe kukhoma. "Tsiku limene amayi ako akanakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Ndinafika pamenepo. Ndinalekera pomwepo."

Corinne analibwezera pansi pang'onopang'ono. Anafuna kupepesa, koma sanadziwe ngati akupepesa chifukwa chokayikira kapena chifukwa choti mawa adzakayikiranso. Bambo ake anaoneka kuti akudziwa zimenezo.

"Usapepese," anatero. "Amayi ako anasiya kuyang'ana, ndipo sizinandithandize. Koma uzifunsa pakamwa. Usamathe paudala wa anthu."

Anamasula kakiyi kakang'ono pa mulu wa makiyi awo, ka bokosilo, nakaika m'dzanja la Corinne.

"Mtsikana uja ndamumana zaka zisanu ndi chimodzi. Anafa akupempha, ine n'kumamupatsa tiyi. Uzithira iwe. Zenizeni. Ine ndikhala panja."

Anatuluka. Corinne anatenga botolo la kapepala kotukuka lija, nakwera nalo. Anasesa paudala yense, natsuka katambula, nathyola chitsekerero. Fungo linadzaza kachipindako nthawi yomweyo, fungo la khitchini ya ubwana wake. Anathira, natseka zolimba. Botololo analiika m'chikwama chake, osati m'kabati. Potsika anatenga mbale yakale ya a zisudzo, naidzaza madzi, nakaiika pansi pa siteji pafupi ndi mpopi. Pa zenera anaona bambo ake ataima kutsidya kwa msewu, manja m'thumba, msana ataulozetsa ku holo.

Mabasi anabwera. Anthu anadzazana pa masitepe, najambula katambula kodzaza, ndipo mayi Quijada anawalonjeza kuti pofika mawa kakhala kouma.

Lamlungu m'mawa mayiwo anakwera atavala za kutchalitchi, mtolankhani ali pambuyo pawo. Anatsika nkhope ili yolemera.

"Sanakhudze n'komwe," anatero. "Munthu wa nyuzipepala wayenda ulendo wonsewu, Ottilie n'kusankha lero kuchita manyazi. A Merle, mwasintha mtundu wa wisiki kapena?"

"Wathira ndi Corinne," anatero a Merle, akusesa pakati pa mipando. "Mwina dzanja lake ndi lowawa. Kapena mtsikanayo wamva kuti amuna anu sakuimbanso mwezi uno."

"Inu mudzafa ndi pakamwa panupo."

"Bola pakamwa."

Masana foni inalira Corinne ali pa masitepe a kuseri. Chikwama chinali pambali pake, cholemera. Mabotolo asanu aja anali akadali pansi pa siteji, m'bokosi lokiya, ndipo kiyi anali m'thumba mwake. Ankadziwanso kuti bambo ake akhoza kutsegula loko aliyense m'holomo ndi msomali wopindika.

"Chemwali," anatero Wendell. "Mdala ali bwanji? Ndamva kuti kwanuko mizukwa yayamba uchidakwa."

"Yasiya, achimwene."

"Nanga iwo?"

Corinne anayang'ana m'kati kudzera pa chitseko chotsegula. A Merle anali pamakwerero, akumangitsa chingwe cha katani, dzanja lili nji.

"Ali pompano," anatero. "Dikirani ndiwaitane, muwafunse nokha."